Chaka Chimene Tinabwereka Masileti

Ndili Fomu 3 ku sekondale ya atsikana ya pa mishoni ina kumapiri a Dedza, anzanga anandisankha kukhala mlembi wa kalabu ya masamu. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru. Ankadziwa kuti ndimalemba mwaudongo, ndiponso kuti ndili ndi kabuku kamene ndinkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Wina anati, "Popeza cholembera sichimuchoka m'manja, akhale yemweyu." Ine ndinangoweramitsa mutu, iwo n'kuyesa kuti ndavomera.

Kalabuyo inkakumana Lachitatu masana, m'kalasi ya kumapeto imene mawindo ake ankayang'ana ku mapaini a ku Chongoni. Tinalipo ochepa. Nthawi imeneyo atsikana ena onse ankapita kosoka, ndipo phokoso la makina awo linkamveka mpaka kwa ife. Aphunzitsi athu a masamu anali bambo ochepa thupi, okonda kuseka, amene ankavala juzi imodzimodzi yobiriwira nyengo yonse yachisanu. Ankati masamu ali ngati kupalira: ukangoyang'ana munda wonse umafooka, koma ukayang'ana mzere umodzi umaumaliza.

Katswiri wathu anali mnzanga wa ku Kaphuka, amene bedi lake linali moyandikana ndi langa. Iye ankatha kuchulukitsa manambala aakulu pamtima uku akusenda mbatata ya kachewere kukhitchini, mpeni osaima. Kuchipinda chogona anali wolongolola, ndipo pa bwalo la ntchemberembaye mawu ake ankafika kuchipata. Koma munthu wamkulu akangomuyang'ana, makamaka wamwamuna, ankasanduka ine.

Tonsefe tinakula chimodzimodzi. Kwathu, kumidzi ya ku Kasina, amayi anandiphunzitsa kuti mwana wamkazi akamayankhula ndi wamkulu amagwada, maso pansi, mawu otsika. Ankati mawu a mtsikana woleredwa bwino sadumpha mpanda. Sindinaone choipa chilichonse pamenepo, ndipo mpaka lero ndimagwada ndikamapereka madzi kwa akuluakulu. Koma ulemu womwewo ndi umene unatigwetsa pa mpikisano wa masamu chaka chimene ndinali Fomu 2.

Mpikisanowo unali wa sukulu zitatu: yathu, ya anyamata ya kutsidya kwa phiri, ndi ina yoyendera imene inali ya anyamata ndi atsikana. Chaka chimenecho unachitikira kwa anyamata. Woweruza anali Bambo Mfumu a pa parishi, ansembe okalamba amene anaphunzitsapo masamu kale, ndipo makutu awo anali atayamba kulemera. Ankawerenga funso m'Chingerezi, amene wadziwa yankho aimirire n'kunena. Ine ndinapita ngati woonerera, ndipo ndinakhala pafupi, kumbuyo kwenikweni kwa opikisana athu.

Ndikukumbukira funso limodzi. Anafunsa kuti ngodya zonse za m'kati mwa chinthu cha mbali zisanu ndi imodzi zikaphatikizidwa zimakwana madigiri angati. Bambo Mfumu asanatsitse n'komwe pepala, mnzanga anali ataimirira. Anapinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu, manja pamodzi, maso pansi, n'kunena kuti 720. Ine ndinamva. Mnyamata amene anali pa benchi yoyandikana naye anamvanso. Bambo Mfumu anaika dzanja kukhutu n'kufunsa kuti, "Mwati bwanji, mwana wanga?" Mnzanga anayesa kuti walakwa, mawu n'kumuthera. Mnyamata uja anadzuka n'kukuwa nambala yomweyo ngati akuitana ng'ombe, ndipo malikisi anapita kwa anyamata. Zimenezi zinachitika kangapo tsiku lomwelo. Tinabwerako tili omaliza, ndipo mu lole munalibe woimba.

Chaka chotsatira chitayamba, a Sisiteri aakulu, amene anali ahedi athu, anabwera ku kalabu Lachitatu lina. Sanali ankhanza. Anaima pakhomo, manja ali m'kati mwa mikono ya malaya awo, n'kunena modekha kuti chaka chino ndife olandira alendo. "Koma ana inu, ndikuuzeni mosabisa," anatero. "Makolo akundifunsa chifukwa chake ana awo ena sakuphunzira kusoka. Ngati mukhalanso omaliza, Lachitatu masana nonse muzipita ku makina. Masamu a m'kalasi akukwanirani." Atachoka, mnzanga anatsamira pa desiki n'kubisa nkhope. Iye ankafuna kudzaphunzira masamu ku koleji, ndipo masamu ovuta amene ankafunika kumeneko tinkawakhudza ku kalabu kokha.

Aphunzitsi anaona msanga pamene panagona vuto, ndipo mankhwala awo anali akuti tiphunzire kukuwa. Anayamba kutitengera ku bwalo la masewera. Iwo ankaima ku goli lina, ife ku linzake, n'kumakuwa mafunso, ife tiyankhe.

"Sindikumva!" ankatero, dzanja lili kukhutu motsanzira Bambo Mfumu. "Kodi kwanu mbuzi zikalowa m'munda mumazinong'oneza?"

"Kwathu mbuzi zimamva ulemu, aphunzitsi!" anakuwa mnzanga, tonse n'kugwa ndi phwete.

"Eya, mawu amenewo! Mukawabweretse mu holo amenewo!"

Pa bwalo zinkayenda. Koma tsiku limene aphunzitsi anapempha a Sisiteri aakulu kuti adzakhale kutsogolo ngati woweruza, mawu onse anabwerera kumene anachokera. Pobwerera kogona ndinamufunsa mnzanga chimene chimamuchitikira.

"Iwe, usandifunse ngati sukudziwa," anayankha. "Ndikati nditsegule pakamwa, ndimamva ngati amayi aima kumbuyo kwanga akunditsina. Nanga iwe ungakuwe pamaso pa Bambo Mfumu?"

"Ine ndingakomoke."

"Ndiye basi. Yamba kuphunzira kulowetsa ulusi mu singano."

Loweruka lina a Sisiteri anandituma kukapereka maluwa kutchalitchi, ndipo ndinadutsa kuseri kwa sukulu ya pulaimale ya pa mishoni. Pawindo la Sitandade 1 ndinaona masileti ataunjikidwa pakona. Ndinaima. Ndinakumbukira kuti ndili mwana, sileti inali bwenzi langa. Aphunzitsi akati tilembe, ndinkalemba, ndipo akati tikweze, tonse tinkakweza pamodzi. Iwo ankangodutsa n'kuona yankho langa, ine osatsegula pakamwa. Wofuula ndi wamanyazi ankafanana. Ndinaganiza kuti ngati aliyense wopikisana atalemba yankho pa sileti yake, n'kukweza onse nthawi imodzi belu likalira, palibe angatole yankho la mnzake m'malere, ndipo makutu a Bambo Mfumu angapume.

Ganizolo ndinalisunga masiku angapo ngati dzira la m'thumba. M'kabuku kanga ndinangolemba kuti, "Mawa ndinena." Mawa lake ndinalembanso chimodzimodzi. Potsiriza ndinatsalira m'kalasi anzanga atatuluka, n'kuyamba kufufuta bolodi imene inali yofufutafufuta kale.

"Mlembi, bolodiyo uiboola," anatero aphunzitsi. "Nena chimene chakutsalitsa."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana nsapato zawo. Anadzimenya pamphumi. "Ine ndakhala ndikutha mawu pa bwalo paja ngati wogulitsa tomato, kani nzeru inali ku Sitandade 1!" Ndinayembekezera kuti akanena okha kwa ahedi, koma anakana. "Mwana ndi wako, ukamubereke wekha. Ine ndikangokuperekeza."

Mu ofesi ya a Sisiteri aakulu ndinagwada pafupi ndi chitseko. Anandiuza kuti ndiyandikire, ndipo ndinayenda ndi mawondo mpaka pa tebulo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Nkhawa yawo inali ina. Masiku amenewo chochitika chilichonse cha pa sukulu chinkayenera kukhala ndi a tcheyamani a chipani a m'deralo ngati mlendo wolemekezeka, ndipo aliyense ankasamala kuti pasaoneke chachilendo.

"Alendo sadzati tikuwanyoza, kuwapatsa ana a sekondale zolembera za makanda?" anafunsa.

Sindikudziwa kumene ndinatenga yankho. Ndinati, "Sisiteri, ndi masileti palibe mtsikana adzakweze mawu pamaso pa akuluakulu. Mwambo udzasungika, ndipo yankho lidzaoneka."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa kanthawi. "Iwe mwana, anthu amati ndiwe wofatsa," anatero. "Pita ukabwereke masiletiwo. Koma tsiku la mpikisano lamuloli ukalifotokoza ndiwe."

Ndinatuluka ndili ndi chimwemwe, komanso mantha chifukwa cha mawu omalizawo.

Masabata otsatira ndinawadziwa mavuto a wokonza zinthu. Tinakolopa holo, tinanyamula mabenchi kuchokera m'makalasi, tinapukuta chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko n'kuonetsetsa kuti palibe chopachikidwa pamwamba pake. Ndinadula choko m'tizidutswa tofanana kuti wina asadandaule, ndipo ndinang'amba nsalu yakale kuti aliyense akhale ndi kofufutira. Mafunso anali kwa Bambo Mfumu okha, ife sitinawaone. Ahedi a pulaimale anavomera kutibwereka masileti, koma anati tikawatenge m'mawa wa tsiku la mpikisano, chifukwa ana amawagwiritsa ntchito mpaka Lachisanu.

Tsikulo linali Loweruka la mu Juni, ndipo kunacha ndi chifunga cha kwathu chija, choti munthu ukamuona ndiye kuti watsala pang'ono kugundana naye. Tinapita atsikana angapo, tinasenza masileti pamutu ngati nkhuni, n'kubwerera nawo podutsa m'udzu wonyowa. Titafika mu holo ndinayesa kulemba pa sileti imodzi. Choko chinangoterereka, osasiya kanthu. Ndinayesa ina, chimodzimodzi. Chifunga chinali chitawanyowetsa onse, ndipo ngakhale titapukuta, chinyezi chinkabwereranso. Dzuwa kunalibe. Ndinaima pakati pa holo misozi ili m'maso.

Mnzanga ndiye anandikoka dzanja. "Usalire, iwe. Chimanga chikanyowa kwanu mumachitaya? Tiye nawo kukhitchini."

Amayi ophika anatilola kuwayedzamiritsa kukhoma la ng'anjo imene pankaphikidwa mbatata ya alendo. Tinawandandalika ngati mbale zotsuka, n'kumawatembenuza. Pamene lole ya anyamata inkalira kuchipata, masileti anali atauma, ndiponso anali ofunda ngati buledi wongophula. Tinawakulunga m'mabulangete n'kuthamanga nawo ku holo.

Anyamata anatsika atavala mataye, akupuma nthunzi. Atalowa n'kutiona tikuika sileti pa malo a aliyense, kuseka kunayamba.

"Achemwali, kodi tasochera? Kuno ndi ku Sitandade 1?"

"Phala mutipatsa nthawi yanji?"

"Ine amayi sanandipatse kansalu kopukutira mamina!"

Mtsikana wina wa Fomu 4 anawayankha chapansipansi kuti, "Musadandaule achimwene, amene sadziwa kulemba manambala timugwira dzanja." Ine sindinakweze maso.

Titaimba nyimbo ya fuko, a tcheyamani anayankhula nthawi yaitali za kumvera ndi kusunga mwambo. Kenaka a Sisiteri aakulu anati mlembi wa kalabu afotokoze kayendetsedwe ka mpikisano. Ndinapita kutsogolo. Holo inali itadzaza. Ndinapinda mawondo kwa akuluakulu n'kuyamba kunena mawu amene ndinawaloweza. Sindikhulupirira kuti anafika pa benchi yachitatu. Ndiye ndinatenga sileti, ndinalembapo nambala, ndinaibisa pachifuwa, ndinaliza kabelu, n'kuikweza m'mwamba. Kumbuyo kwa holo wina anati, "Ohoo," ndipo ndinadziwa kuti amva.

Mphunzitsi wa anyamata anaimirira. Anali munthu wamtali, waulemu wake, ndipo sanakalipe. Anati mpikisano ndi liwiro komanso kulimba mtima, ndipo mwana amene wadziwa yankho ayenera kulinena poyera, chifukwa kunja kuno palibe adzamupatse sileti. Ena anavomereza ndi mitu. Ine ndinali ndikadaima kutsogolo, sileti ili m'manja, osadziwa ngati ndikhale pansi.

Bambo Mfumu anapempha kuti awabwerezere zimene zanenedwa, ndipo aphunzitsi athu anawauza chakukhutu. Ansembewo anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi," anatero, "chaka chatha amene ankapikisana ndi makutu angawa, ndipo sanakhoze. Maso okha akadali bwino. Tiyeni tione masamu." A tcheyamani nawo anagwedeza mutu n'kunena kuti iwo aona kuti ana a pano ndi a mwambo. Nkhani inathera pomwepo.

Ntchito yanga inali kuliza kabelu nthawi ikakwana ndi kulemba malikisi pa bolodi. Funso loyamba litawerengedwa, mu holo munangomveka kukwecha kwa choko. Ndinaona anyamata aja amene ankaseka atakumbatira masileti pachifuwa, akuothetsa zala zimene zinauma ndi mphepo ya pa lole. Ndinaliza belu, masileti onse anakwera. Bambo Mfumu anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mabenchi, akuloza ndi chala: uyu wakhoza, uyu ayi, uyu wakhoza. Atafika pa mnzanga anaima. Iye anali ataweramitsa mutu monga mwa masiku onse, maso pansi, koma manja ake anali atakweza sileti pamwamba penipeni, ndipo yankho linali lolemba bwino, lalikulu. "Wakhoza," anatero. Ndinalemba malikisi athu oyamba pa bolodi.

Sindinganame kuti anyamata anali mbuli. Analipo awiri akuthwa kwambiri, ndipo pa mafunso a magirafu anatisiya. A sukulu yoyendera nawo anali ndi mtsikana wamng'ono thupi amene chaka chatha sindinamumve n'kamodzi komwe, koma tsiku limeneli sileti yake inkakhoza motsatizana, mpaka anzake aamuna anayamba kumuyang'ana ngati mlendo. Malikisi ankakwera mbali zonse. Nthawi ina tinali patsogolo, kenaka tinatsalira, ndipo chakumapeto ife ndi a sukulu yoyendera tinali pafupifupi pamodzi, kumbuyo kwa anyamata. Aliyense wa ife ankadziwa tanthauzo la kutsika pamenepo. Ndinaba kuyang'ana a Sisiteri aakulu, koma nkhope yawo sinkanena kanthu.

Funso lomaliza linali lalitali, la sitima ziwiri zonyamuka malo osiyana pa liwiro losiyana. Ena anadzaza sileti n'kufufuta, n'kuyambanso. Mnzanga sanalembe kanthu poyamba. Anangotseka maso, milomo ikugwedera monga ankachitira posenda mbatata. Ine ndinkayang'ana wotchi ya aphunzitsi imene inali pa tebulo, ndipo ndinalakalaka nditaigwira kuti iime. Nthawi itatsala pang'ono, anatsegula maso n'kulemba nambala imodzi yokha. Ndinaliza belu pa nthawi yake.

Bambo Mfumu anayenda mzere wonse akupukusa mutu. Anadutsa anyamata onse, anadutsa a sukulu yoyendera. Pa mnzanga anawerama, anayang'ana pepala lawo, anayang'ananso sileti. "Mwana wanga," anatero, "kodi chaka chatha munalipo?"

"Ndinalipo, Bambo," anayankha motsitsa.

Ansembewo anaika dzanja kukhutu, kenaka anadziseka okha n'kulitsitsa. "Musavutike. Ndaona."

Atsikana a sukulu yathu anaiwala alendo, anaiwala a tcheyamani, nthungululu n'kudzaza holo. Mawu amene anasowa pa masabata onse aja anatuluka tsiku limenelo.

Anyamata anapambana ndithu, ife tinakhala achiwiri, osati patali. Mwa opikisana onse, amene anakhoza mafunso ambiri anali mnzanga. Pa chakudya, mmodzi wa anyamata akuthwa aja anabwera ndi mbale yake n'kumufunsa kuti, "Achemwali, za sitima zija munadzera njira iti?" Iye anamulembera ndi chala pa tebulo, ndipo mphunzitsi wawo wamtali uja anaima kumbuyo akuonerera. Ponyamuka mphunzitsiyo anandipeza ndikusonkhanitsa choko, n'kundiuza kuti chaka chamawa kwawo adzabwerekanso masileti. Ndinati zikomo, maso ali pansi.

A Sisiteri aakulu sananene chilichonse Loweruka limenelo, ngakhale Lamulungu potuluka ku Misa. Lolemba m'mawa tinabweza masileti ku pulaimale, titawakulunga m'mabulangete. Lachitatu masana belu litalira, ine ndi mnzanga tinaima pakhonde, pakati pa njira ya ku makina ndi ya ku kalasi ya kumapeto, osadziwa kolowera. Tinaona a Sisiteri aakulu akubwera, makiyi akulira m'chiuno. Tinagwada.

"Nanga mukudikira chiyani apa?" anafunsa. "Aphunzitsi anu ayamba kale. Ndipo mlembi, ukatenge mabenchi ena ku holo. Kuli ana a Fomu 1 aima pakhomo, akuti akufuna masamu."

Tinanyamula benchi imodzi awiri, iye kutsogolo ine kumbuyo. Titatsala pang'ono kufika, mnzanga anatembenuka n'kundiuza kuti, "Iwe, singano yophunzirira kusoka ija ubweze kwa eni ake." Ndinaseka mokweza, moti aphunzitsi anasuzumira pawindo kuti aone kuti ndani.